Hancock: Mudzi wa Amisiri Amene Ankagona M'ntchito ya Manja Awo

Kumadzulo kwenikweni kwa chigawo cha Massachusetts ku America, kufupi ndi tauni ya Pittsfield, m'dera la mapiri a Berkshires, kuli mudzi wa Hancock umene kwa zaka 170 munkakhala anthu a mpingo wa Shaker. Alendo ambiri opita kumeneko masiku ano amathamangira kukaona khola la ng'ombe lozungulira, lomangidwa ndi miyala mu 1826, poti ndi limene limakoma pa chithunzi. Koma munthu amene anagwirapo puleni kapena kuikapo chitseko pa felemu amachedwa m'nyumba ina, yaikulu, ya njerwa zofiira, imene inayamba kumangidwa mu 1830 kuti muzigona abale ndi alongo pafupifupi 100. M'kalata imene analemba mu Januwale 1832 kwa mnzake wa ku South Union ku Kentucky, mkulu wa mpingo William Deming anawerenga zomwe zinali m'nyumbamo: zitseko zazikulu 100, zitseko za makabati 245 ndi madilowa 369. Makabati ndi madilowawo sanali katundu woti munthu n'kumusuntha. Anawalowetsa m'makoma, m'ngodya za zipinda ndi m'mbali mwa machumuni, moti anasanduka mbali ya nyumbayo, ndipo zaka zikuyandikira 200 akadali pomwe anawaika. Anthu amapereka zifukwa zosiyanasiyana za ubwino wa ntchito imeneyi, koma ine ndikuona chimodzi choposa zonse: amene anapala matabwawo ndi omwewo amene ankagona m'zipindazo, kudya m'nyumbamo ndi kumva madandaulo a osesamo. Mwayi umenewu ali nawonso aliyense wofuna kuphunzira kukonza yekha m'kati mwa nyumba yake, ngakhale ambiri sauwerengera.

Mpingowu unayambira ku Manchester ku England. Mtsogoleri wake, Ann Lee, anafika ku New York mu 1774 ndi kagulu ka anthu asanu ndi atatu, n'kukakhazikika ku Niskayuna pafupi ndi Albany. Pakati pa 1781 ndi 1783 iye anayenda akulalikira m'midzi ya New England, ndipo m'chaka chomalizacho anafika ku Hancock, kumene alimi angapo, kuphatikizapo a banja la Goodrich, anatsata chiphunzitso chake. Ann Lee anamwalira mu 1784. Ntchito yokhazikitsa midzi yadongosolo inagwa m'manja mwa Joseph Meacham ndi Lucy Wright, mayi wobadwira ku Pittsfield komweko, ndipo okhulupirira anasonkhanitsidwa ku New Lebanon, kuseri kwa phiri, mu 1787, kenako ku Hancock mu 1790. Wolowa mu mpingowu ankasiya ukwati n'kupereka munda, ziweto ndi zipangizo zake kuti zikhale za onse. Amuna ndi akazi ankakhala m'nyumba imodzi ngati abale ndi alongo, awa mbali yawo, awo mbali yawo, khomo lawolawo ndi masitepe awoawo. M'zaka za m'ma 1830 anthu a ku Hancock anafika cha m'ma 300, ndipo nyumba zakale za alimi zinachepa. Apa m'pamene panabuka funso limene nyumba ya njerwa inayankha: kodi anthu 100, ambiri osakhala pachibale, opanda chawochawo, angasunge bwanji zovala, zofunda, mbale ndi zipangizo m'nyumba imodzi popanda kupondana kapena kukangana?

Yankho lake likuoneka paliponse pamene diso lingagwere m'nyumbamo. Kabati yoima payokha imasiya malo atatu osungira fumbi: pamwamba, pansi ndi kumbuyo. Ikalowa m'khoma malo atatuwo amatha, ndipo wosesa sasunthanso kanthu. Chumuni ikadutsa m'chipinda imasiya mphako mbali ziwiri, zimene m'nyumba zambiri zimangokhala. Ku Hancock m'mphako zimenezo ndi mmene munalowa madilowa. Kuzungulira zipinda anakhoma kathabwa kopyapyala kokhala ndi zikhomo zamtengo zotalikirana mofanana, pokolekapo malaya, zipewa, nyale, ngakhale mipando pa nthawi yosesa. Khitchini inali m'chipinda chapansi, chodyeramo pamwamba pake, choncho anapanga makabati awiri oyenda ndi chingwe, okweza chakudya ndi kutsitsa mbale, kuti alongo asamakwere masitepe atanyamula miphika yotentha. M'makoma ena a m'kati anaboolamo mawindo kuti kuwala kwa panja kuzifika pa masitepe ndi m'tizipinda tamdima. Chilichonse mwa zinthu izi chikuchotsa kantchito kenakake kotopetsa ka tsiku ndi tsiku, ndipo tintchito totero amatidziwa ndi amene amatigwira kapena wokhala pafupi ndi otigwira. Kalipentala waganyu amamaliza, kulandira zake, n'kumapita. M'bale wa ku Hancock akanaika shelefu pamwamba kwambiri, akanadya m'chipinda chimodzi ndi mlongo wosaifikirayo mawa lake, ndi mkuja, mpaka atakaitsitsa.

Kudziwa anthu pakokha sikupala thabwa. Panafunikanso kudziwa khalidwe la mtengo. Ku New England nyengo yotentha imakhala ya chinyezi, ndipo m'nyengo yachisanu mbaula zimaumitsa mpweya wa m'nyumba. Thabwa limatupa likamwa chinyezi n'kubwerera likauma, ndipo limachita zimenezi m'lifupi mwake, pamene m'litali limakhala ngati silisintha. Chitseko cha thabwa limodzi lotambalala chimakana kutsekeka kukatentha, chimasiya mpata kukazizira, mwinanso kupindika kumene. N'chifukwa chake zitseko za makabati a ku Hancock zili ndi felemu ya timatabwa tolowana m'ngodya, ndipo thabwa lapakati limangokhala m'kangalande kosemedwa m'felemumo, lopanda guluu, kuti lizitupa ndi kubwerera felemu osagwedezeka. Madilowa anawalumikiza ndi mano olumana, oti munthu akamakoka dilowa manowo amangothinirana. Kumaso kwa madilowa anaikako matabwa a mtengo wa butternut, pamene ntchito yambiri ya m'nyumbamo inali ya paini. Njira zimenezi sanazitulukire ndi iwo; amisiri a kumidzi ya New England ankazidziwa kale. Chimene anthu a Shaker anachita ndi kuchepetseratu zokongoletsa. Malamulo a mpingo a mu 1845 analetsa timizere ndi zosemasema zongosangalatsa maso, koma pa nthawiyo nyumba ya njerwa inali itaima kale zaka zoposa khumi, kutanthauza kuti lamulolo linangolemba zimene manja anali atazolowera. Amene anaikapo kabati amadziwa ntchito yeniyeni ya kathabwa kokongoletsa: kamabisa mpata pamene matabwa awiri alephera kukumana. Ukakachotsa, pobisala patha. Mpata wozungulira chitseko uyenera kufanana mbali zonse, madilowa osanjikizana ayenera kuima mzere umodzi, chifukwa diso lilibenso china choyang'ana. Sikutinso nyumbayo inali yozizira m'maso: ofufuza penti anapeza kuti matabwa ake ankawala ndi utoto wachikasu ndi wofiira, wopyapyala moti mizere ya mtengo inkaonekera.

Luso loterolo silinachokere ku sukulu ya ukalipentala. Ena analowa mu mpingo ali amisiri kale. Ena anabwera ali ana, amasiye kapena operekedwa ndi makolo ovutika pa pangano loti aphunzitsidwe ntchito, ndipo anyamata ankaikidwa m'manja mwa abale aakulu ku munda ndi m'mashopu. Pa amisiri a dera la Hancock amene mayina awo akudziwika pali Grove Wright, wobadwa mu 1789, ndi Thomas Damon, wobadwa mu 1819, anthu osiyana zaka 30 amene anapangira limodzi katundu yemwe alipo mpaka lero. Akatswiri amazindikira ntchito ya midzi ya Hancock, Tyringham ndi Enfield ya ku Connecticut, imene inali pansi pa utsogoleri umodzi, poona matabwa a m'mbali mwa madilowa, omwe kawirikawiri amakhala okhuthala kumunsi ndi opyapyala kumwamba. Kachizolowezi ngati kameneka, kobisika m'kati mwa dilowa, kamachoka pa benchi ya mkulu kupita pa benchi ya wamng'ono, moonerana. Malamulo ankaletsanso munthu kulemba dzina lake pa chimene wapanga, ngakhale ena ankalembabe m'malo osaonekera, choncho wophunzira analibe chifukwa chopekera zachilendo kuti atchuke. Aphunzitsi aakulu anali awiri, kubwereza ndi nyengo. Madilowa 369 ndi ngodya zolumikiza 1,476, ndipo dzanja limene lasema ngodya 50 silifanana ndi limene lasema zisanu. Kenako chaka chimazungulira, chinyezi chimabwera, dilowa lothina limakakamira, ndipo wolipangayo, poti akukhala momwemo, amalitulutsa, kuona pamene likukhula, kupalapo pang'ono, n'kudziwa mpata woyenera kusiya ulendo wina. Mmisiri amene sabwereranso ku ntchito yake phunziro limeneli limamudutsa.

Wina anganene kuti ndikuchepetsa chinthu chachikulu. Anthuwa ankakhulupirira kuti ntchito ya manja ndi kupembedza, kuti fumbi ndi chisokonezo sizigwirizana ndi moyo wakumwamba umene ankafuna kuuyamba pansi pano, ndipo m'zaka za m'ma 1840 mudzi wawo anaupatsa dzina lauzimu lakuti Mzinda wa Mtendere. Ukachotsa chikhulupiriro, akutero wotsutsayo, watsala ndi makabati wamba. Pali choona pamenepa, pakuti popanda chikhulupiriro anthu 100 sakanavomera moyo wotero. Koma chikhulupiriro sichiuza munthu mbali imene thabwa litupire. Chimene chinachita ku Hancock ndi kuika wopanga ndi wogwiritsa ntchito pansi pa denga limodzi kwa moyo wonse, ndi kuwachotsera kasitomala woti amukope kapena kumupusitsa pa zinthu za m'nyumba mwawo. Malo osaoneka ankawapala bwino chifukwa Mulungu amaona, inde, komanso chifukwa wokoka dilowalo mawa anali wa m'nyumba momwemo. Ndiponso tisawajambule ngati anthu odana ndi makina. Mu 1858 anaika makina oyendera mphamvu ya madzi m'shopu yawo kuti aziyendetsa zochekera ndi zopalira matabwa. Chilichonse chofulumizitsa ntchito popanda kuiwononga ankachilandira ndi manja awiri, moti wophunzira wa lero amene akugwiritsa ntchito sowo yamagetsi sanapatuke pa njira yawo.

Palinso nkhani ya ndalama. Abale sankalipidwa, mitengo inali m'nkhalango yawo, nthawi inali yawo. Ndani lero angakwanitse zotero? Kalata yomweyo ya Deming ikuyankhako. Iye ananena kuti makoma anakwera ndipo denga linaikidwa m'masabata khumi kuchokera pamene anaika mwala woyamba, ndi kuti ndalama zimene zinapita kwa anthu akunja zinali pafupifupi madola 8,000. Omanga njerwa anachita kuwalemba ganyu. Choncho sanali anthu a nthawi yotayira, ndiponso sanadziyese odziwa zonse. Anali ndi minda, ng'ombe, malonda a mbewu za kudimba ndi zina zambiri zodikira manja omwewo. Anagawa ntchito mwanzeru: makoma anapatsa odziwa kumanga, koma za m'kati, zimene zimadya maola ambiri ndi kufuna kudziwa moyo wa okhalamo, anazisunga m'manja mwawo, ndipo sanasamukiremo mpaka kumapeto kwa 1831. Kagawidwe kameneka n'koyeneranso mwini nyumba wa lero. Maziko, denga ndi mawaya a magetsi zimafuna katswiri, chifukwa cholakwa cha pamenepo chimapha. Shelefu yolakwika imangofuna kuzula misomali n'kuyambiranso. Ndipo pa ntchito ya makabati a m'khoma, chimene chimadya ndalama kwambiri ndi maola a kuyeza, kuyesa, kuchotsa ndi kupala pang'onopang'ono, maola amene mwini nyumba angapereke madzulo ndi Loweruka popanda kulipira wina.

Chitsutso cholemera kuposa zonsezi chinachokera kwa munthu amene anaiona nyumbayo muli anthu. Mu Ogasiti 1851 mlembi Nathaniel Hawthorne anacheza ku Hancock limodzi ndi mlembi mnzake Herman Melville, amene pa nthawiyo ankakhala ku Pittsfield. Hawthorne anaona ukhondo ndi luso la nyumbayo, koma anatuluka atanyansidwa, makamaka chifukwa munthu analibe malo a yekha: anthu angapo m'chipinda chimodzi, maso a ena pa iwe usana ndi usiku. Sanalakwitse kuona zimenezo. Dongosolo limene linapatsa chinthu chilichonse malo ake linapatsanso munthu aliyense malo ake ndi ola lake lodzukira, ngakhale makalata ankayenera kudutsa m'manja mwa akulu, ndipo ambiri mwa ana amene analeredwa m'midzi ya Shaker ankachoka akakula. Komabe chitsutsochi, ukachiyang'anitsitsa, chikulimbitsa mfundo yanga. Makabatiwo akuulula moyo wa eni ake mokhulupirika chonchi chifukwa anayezedwa pa moyo womwewo, wabwino ndi wowawa womwe. Amene angakopere miyezo ya ku Hancock m'nyumba ya banja la ana asanu, momwe mumafika alendo ogona, mosungidwa matumba a ufa, njinga ndi mabuku a sukulu, waphonya phunziro lonse. Njira yawo inali kuwerenga kaye anthu ndi katundu wawo, kenako n'kudula thabwa. Banja lofuna kuti mwana aliyense akhale ndi dilowa lake lokiya likhoza kutsata njira yomweyo n'kutuluka ndi kabati yosiyana kotheratu.

Mudziwo unacheperachepera itatha nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865. Mafakitale ankapanga katundu wotsika mtengo, anyamata ankakopeka ndi malipiro a m'tauni ndi minda ya kumadzulo, ndipo mpingo wosabereka sukhalitsa akunja akasiya kulowa. Nyumba zopanda anthu zinkagwetsedwa kuti zisamadye ndalama, ndipo mu 1938 ngakhale nyumba yopembedzeramo inagwetsedwa. Mu 1960, mutatsala alongo owerengeka okha, malowo anagulidwa ndi gulu la anthu a m'deralo lotsogoleredwa ndi Amy Bess Miller, lomwe linawatsegula mu 1961 ngati malo osungirako mbiri. Chaka chotsatira anasamutsa nyumba yopembedzeramo ya mudzi wina wa Shaker, wa ku Shirley, n'kuiika ku Hancock m'malo mwa yogwetsedwa ija. Mbiri imeneyi ikupatsa mphamvu amene amati kabati ya m'khoma sitsata mwini wake, ndipo nyumba ikagwa kapena ikagulitsidwa thukuta lonse latsala komweko. N'zoona, ndipo wokhala m'nyumba ya lendi achita bwino kupanga zonyamulika. Koma taonani zimene zinachitikira katundu wonyamulikayo. Mipando ndi matebulo a Shaker zinabalalika m'manja mwa ogula, zambiri n'kukathera kutali ndi zipinda zimene zinapangidwira. Za m'khoma zinatsala pamalo pake, pambali pa chumuni yomweyo, moyang'anizana ndi windo lomwelo, ndipo ndi zimene lero zikutha kufotokoza chifukwa chake dilowa ili lili apa osati apo. Chinthu chokwanira ndendende pamalo amodzi sichingakwanirenso pena, ndipo wochipanga ayenera kuvomereza zimenezo asanayambe.

Pamene mudzi unkatha, maonekedwe a ntchito yake ankafalikira. Mu 1935 Whitney Museum ku New York inaonetsa ntchito za manja za anthu a Shaker. Mu 1937 Edward Deming Andrews ndi mkazi wake Faith, a ku Pittsfield, anatulutsa buku la mipando ndi makabati awo. Ku Denmark mmisiri wa mipando Kaare Klint ndi wophunzira wake Børge Mogensen anatengerapo nzeru, ndipo mpando wa Mogensen wa mu 1947, wotchedwa J39, ukupangidwabe. Lero m'masitolo ogulitsa makabati a khitchini, ku London ngakhale ku Johannesburg, chitseko cha felemu chokhala ndi thabwa lathyathyathya pakati chimagulitsidwa m'dzina la Shaker. Mlongo Mildred Barker wa ku Sabbathday Lake ku Maine, mudzi wotsiriza wa mpingowu, ananena poyera kuti sankafuna kudzakumbukiridwa ngati mpando. Ndiye wina afunse: ngati chitsekocho chili m'sitolo, kuphunziriranji? Zitseko zambiri za m'sitolo ndi za utuchi wopanikizidwa ndi guluu, zina zongosemedwa pamwamba kuti zioneke ngati felemu, ndipo madzi akalowa m'mphepete zimafufuma osabwereranso. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Komabe utuchi uli ndi malo ake pouma, ndipo vuto lalikulu lili pena. Bokosi la ku fakitale limapangidwira khoma loongoka, pansi pa levulo ndi ngodya ya sikweya, pamene nyumba yotero n'njosowa: pulasitala amatumphuka apa n'kulowa apo, simenti ya pansi imatsetsereka. Phata la ntchito ya m'khoma ndi kutenga thabwa loongoka, kuliimika pa levulo pafupi ndi khoma lokhota, kulemba ndi pensulo mzere wotsata kukhotako, n'kupala mpaka thabwa ndi khoma zitakumana popanda mpata. Fakitale singachite zimenezi chifukwa sinalionepo khoma lako.

Wofuna kuphunzira ntchitoyi m'nyumba yake angatole ndondomeko m'mbiri ya Hancock. Ayambe ndi kuwerenga: ndi zinthu ziti zimene zimangogona pansi, pa mpando kapena pa bedi chifukwa zilibe kwawo, zilipo zingati, n'zazikulu bwanji, amazitenga ndani ndipo kangati pa tsiku. Afunse amene amasesa ndi kuphika asanagule thabwa. Ntchito yoyamba ikhale kathabwa ka zikhomo, poti kamaphunzitsa levulo, kugawa mipata mofanana ndi kumangirira thabwa ku khoma molimba. Yachiwiri ikhale mashelefu m'mphako ya khoma, momwe adzakumane koyamba ndi ngodya yokana sikweya. Chitseko cha felemu chibwere pambuyo, dilowa pomalizira, chifukwa dilowa limafuna zonsezo pamodzi. Matabwa awasiye aumire m'chipinda momwe adzakhale asanawadule, ndipo akamaliza chinthu chimodzi achilole chidutse dzinja ndi chilimwe, kuopa kubwereza cholakwa chimodzi kakhumi. Palibe amene akufunika kusiya ukwati kapena kupereka munda wake kuti apeze chimene abale a ku Hancock anali nacho. Kalipentala wa zaka zambiri adzaposa mwini nyumba pa liwiro ndi pa kusalala kwa thabwa, ndipo pa ntchito zina ayenera kuitanidwa ndi kulipidwa bwino. Koma sangadziwe kuti m'nyumba muno wotenga mbale m'mawa ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, kapena kuti ngodya ino imachita chinyezi mu Febuluwale, ndipo sadzakhalapo chaka chamawa chitseko chikayamba kukhula. Manja amaphunzitsika m'miyezi. Kudziwa nyumba kumafuna kugonamo zaka, ndipo zaka zimenezo mwini nyumba analipira kale.